Banja lathu lagawanika chifukwa cha voice note yabodza. Kodi kukhala chete kwa Abuda kungatithandize?

NaPhiri_Kapata

Moni nonse. Ndikufuna thandizo kwa amene akudziwa bwino za kusinkhasinkha kwa Abuda, kuja munthu amakhala pansi chete n'kumatsatira mpweya wake. Ine ndine wa mpingo wa Reformed ndipo sindikufuna kusintha mpingo ayi. Ndikungofuna kudziwa ngati zimenezi zimathandizadi munthu kusiyanitsa zoona ndi zabodza za pa foni, komanso ngati zingabweze pamodzi anthu apachibale amene asiya kukhulupirirana.

Ndimagwira ntchito mu booth ya mobile money pafupi ndi msika wa Kapata kuno ku Chipata, ndiye foni imakhala m'manja kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndinenso adimini wa gulu la WhatsApp la banja lathu. Muli amalume a ku Lusaka, asisi a ku Kitwe, azisuweni a ku Mchinji kutsidya kwa Mwami, ndi akumudzi kwathu cha ku msewu wa ku Chadiza. Tinalitsegula chifukwa cha mauthenga a maliro ndi kusonkherana ndalama za feteleza wa ambuya, ndipo linkayenda bwinobwino.

Mwezi watha amayi aang'ono anaponyamo voice note ya mayi wina amene sitimudziwa. Mayiyo akulira, akupumira m'mwamba, akuti m'midzi mwabwera anyamata oyenda ndi zikwama zakuda, masana amanamizira kugulitsa nyale za sola koma usiku amabwerera kudzapopa ana magazi. Sanatchule mudzi, sanatchule tsiku, anangoti "kuno kwathu". Pomaliza akuti tumizani kwa aliyense amene mumamukonda. Pasanapite nthawi kumudzi kunafikadi mnyamata wogulitsa nyale pa njinga. Anthu anamuzungulira pa mjigo, anamulanda chikwama, nyale n'kuziswa, wina anali atatola kale njerwa. Anamupulumutsa ndi anyakwawa, amene anamukokera m'nyumba mwawo n'kuima pakhomo mpaka apolisi atafika. Mnyamatayo ndi wa ku Mchini konkuno, ndipo amayi ake amagulitsa matimati moyang'anizana ndi booth yanga. Akudziwa kuti mudziwo ndi wa kwathu. Ndikawapatsa moni amayankha akuyang'ana kumbali.

Chichitikireni zimenezi m'gulu mulibe mtendere. Amalume a ku Lusaka analemba kuti anthu akumudzi ndi mbuli, sayenera kupatsidwa mafoni. Amayi aang'ono anatuluka m'gulu, ena anawatsatira. Nditawaimbira anandifunsa kuti, "Iwe ukanakhala ndi adzukulu m'nyumba ya chitseko cha bango, ukanaumva uthenga umene uja n'kungogona?" Ndinasowa chonena. Amayi aang'ono si munthu wabodza. Akukumbukira 2020 nthawi ya gassing, ija kunkamveka zoti anthu akupopera gasi m'nyumba za anzawo usiku, pamene mantha anayambira ku Chingola n'kufalikira dziko lonse, anthu kumachezera panja usiku ndi zibonga. Akukumbukira za anamapopa ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017. Uthengawo unali wabodza koma mantha awo anali enieni.

Mlongo wanga wamng'ono anagwirako ntchito m'minda ya mphesa ku South Africa, ndipo ali komweko anakachita maphunziro a kusinkhasinkha a masiku 10 pamalo a Vipassana kufupi ndi Worcester. Akuti mafoni amasiya pakhomo, salankhulana, amadzuka 4 koloko m'mawa. Chibwerereni amakhala pa mphasa mbandakucha, maso ali chitsinzinire. M'gulu lonse ndi iye yekha amene sananyoze munthu. Anangolemba kuti, "Amayi, mayi akulirayu mukumudziwa? Inu mwalandira kwa ndani?" Koma ndikamufunsa kuti andifotokozere amangoti, "Khalani pansi muyese, asisi." Ndiye ndabwera kuno kuti wina andimasulire.

Mphunzitsi_Wopuma_Katete

A NaPhiri, pepani kwambiri. Ine ndinali mphunzitsi wa mbiri yakale ku sekondale, pano ndinapuma, ndikulima nsawa kuno ku Katete. Ndine Mkatolika, ku Misa ndimapita, ndipo kukhala chete kotere ndakhala ndikuchita zaka zambiri. Ndiyankha motalikitsa chifukwa funso lanu ndi lolemera.

Ndiyambe ndi kunena mosabisa. Mungakhale pa mphasa mpaka miyendo kuchita dzanzi, mpweya wanu sudzakuuzani ngati mayi wa mu voice note uja akunena zoona. Chimene kukhala chete kumakuonetsani ndi zimene uthengawo ukuchita mwa inu. Takumbukirani pamene munaumva koyamba. Musanaganize n'komwe thupi linali litayankha kale: pachifuwa pathina, m'mimba mwatentha, chala chapita chokha pa kamuvi kotumizira. Okonza mauthenga otere amazidziwa zimenezi, n'chifukwa chake amaikamo mwana, magazi, usiku, ndi mawu akuti fulumirani. Munthu akagwidwa choncho amaona ngati kutumiza ndiko chikondi, kudikira ndiyo nkhanza. Amayi anu aang'ono anagwidwira pamenepo.

Kachitidwe kake n'kosavuta kufotokoza. Khalani pa mpando kapena pa mphasa, msana uli wowongoka koma osauumitsa, foni ili m'chipinda china. Ikani maganizo pamene mpweya ukukhudza, pamphuno kapena pamimba. Musaukoke, musaukonze, muzingouzindikira ukulowa ndi kutuluka. Musanapume kasanu mupeza maganizo athawa kale, apita ku float ya mawa ya mu booth, ku fizi ya ana, ku mawu amene amalume analemba. Mukazindikira kuti athawa, abwezeni osadzikalipira. Kubwezako ndiye ntchito yeniyeni. Ambiri amasiya poganiza kuti akulephera chifukwa maganizo sakukhazikika, chonsecho pamenepo mpamene akuphunzira. Mphindi 10 m'mawa uliwonse n'zokwanira poyambira. Kumene anapita mlongo wanu amatsata njira ya S. N. Goenka, mphunzitsi wobadwira ku Burma amene anamwalira mu 2013. Masiku atatu oyamba amakhala a mpweya wokha, kenako amayendetsa maganizo m'thupi lonse kuchokera pamutu mpaka kuphazi, kuzindikira kutentha, kuyabwa, kupweteka, koma osakanda ndiponso osasuntha. Amene waphunzira kuona kuyabwa kukubwera n'kudzipitira kokha, tsiku lina amatha kuona mantha akukwera pachifuwa chala chili phee.

Buddha, amene anakhala kumpoto kwa India zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, anafotokozera munthu wina dzina lake Sangarava ndi fanizo la madzi m'mbale. Munthu akufuna kuona nkhope yake m'madzimo. Akathiridwa utoto saiona bwino, ndiko kukhumbira. Akamawira pamoto saiona, ndiwo mkwiyo. Akaphimbidwa ndi ndere ndiwo ulesi ndi tulo, akamagwedezeka ndi mphepo ndiyo nkhawa ndi kusakhazikika, akakhala amatope ndiponso ali mumdima ndiko kukayikakayika. Inu mu booth mumaziona tsiku ndi tsiku. Wobwera ndi uthenga wakuti wawina ndalama zambiri, angotumiza kaye K200, madzi ake athiridwa utoto. A amayi aang'ono anali kugwedezeka ndi mphepo. A amalume anali kuwira.

Tsono nkhani yofanana kwambiri ndi yanu ndi ya anthu otchedwa Akalama a m'tauni ya Kesaputta. Ili m'malemba a Anguttara Nikaya ndipo imadziwika kuti Kalama Sutta. Anthuwa anadandaula kwa Buddha kuti kwawoko kumafika aphunzitsi osiyanasiyana, aliyense kutamanda chiphunzitso chake n'kunyoza cha mnzake, mpaka iwo sakudziwanso kuti wonena zoona ndani. Buddha sanawadzudzule. Anawauza kuti kukayika kwawoko n'koyenera. Kenako anatchula zinthu 10 zimene pazokha sizikwanira kuti munthu avomere nkhani. Zina mwa izo ndi izi: yanenedwa kawirikawiri, ndi ya makolo, ikumveka ponseponse, inalembedwa m'mabuku, woinenayo akuoneka wodziwa zinthu, woinenayo ndi mphunzitsi wathu. Pamndandanda womwewo anaikaponso nzeru za munthu mwiniwake, zija timati ndaiganizira ndipo ikumveka, kapena ikugwirizana ndi zimene ndinkaganiza kale. Apa mpamene ambiri amaphonya. Pa Facebook pamayenda chithunzi cha Buddha chokhala ndi mawu akuti usakhulupirire chilichonse pokhapokha chigwirizane ndi nzeru zako. Mawu amenewo ndi opotozedwa, m'malemba mulibe. Iye anachenjeza za nzeru zakozo mofanana ndi mmene anachenjezera za mphekesera. Muyeso umene anapereka ndi wa zotulukapo zake: ngati chinthu chikukulitsa dyera, chidani ndi kusokonekera mutu, ngati anthu anzeru amachidzudzula, ngati chikatsatidwa chimadzetsa mavuto, chisiyeni. Onani kuti anthu anzeru alimo m'muyesomo. Si nkhani ya munthu kudzitsekera yekha n'kumati ndadziwa.

Pa funso lanu lachiwiri, la kubweza banja, chimene chandithandiza ine kwambiri ndi Canki Sutta. M'menemo mnyamata wa zaka 16 anafunsa Buddha kuti munthu amasunga bwanji choonadi. Yankho linali lakuti munthu akakhala ndi chikhulupiriro n'kunena kuti "chikhulupiriro changa n'chakuti", ameneyo wasunga choonadi, bola asalumphire ponena kuti "ichi chokha ndicho choona, zina zonse n'zabodza". N'chimodzimodzi ndi zimene wangomva kwa ena: anene kuti ndamva. Tayesani kuika zimenezi pa amayi aang'ono. Akanalemba kuti, "Ndalandira ichi kwa mnzanga wa ku chigwirizano, ine sindinaone kanthu, koma ndachita mantha chifukwa cha adzukuluwa," liwu lililonse likanakhala loona, ndipo akumudzi akanakhala ndi poyambira kufunsa. Pa gulu la banja lathu tinagwirizana zoti aliyense woponya nkhani ayambe wanena ngati waona ndi maso, ngati wamva ndipo kwa ndani, kapena ngati akungoganiza. Ubwino wake ngwakuti lamulo limeneli silisankha wophunzira ndi wosaphunzira. Ambuya amene sanapite ku sukulu akhoza kunena kuti ndaona, pamene mwana wawo wa digiri angokwanitsa kunena kuti ndamva.

Amalume anu nawonso ali ndi mlandu wawo. Abuda amati mawu abwino amakhala ndi zinthu zisanu: olankhulidwa pa nthawi yake, oona, ofatsa, othandiza, ndiponso ochokera mumtima wofunira mnzako zabwino. Kuti voice note inali yabodza ananena zoona. Kuti mlongo wawo ndi mbuli, limenelo linali bodza lawo, ndipo ndi limene lathyola gulu.

MkuluWaMpingo_Madzimoyo

Mwana wanga NaPhiri, ndawerenga zonse ndipo mtima wandiwawa chifukwa cha mnyamata uja. Koma monga mkulu wa mpingo wanu womwewo ndiyenera kunena nkhawa yanga.

Aphunzitsi alemba bwino, sindikuwatsutsa pa za kudekha. Koma zimene anenazo zili kale m'Baibulo limene muli nalo m'nyumba. Eksodo 23:1 imaletsa kufalitsa mbiri yabodza, ndipo vesi lotsatira likuletsa kutsata khamu la anthu pochita choipa, ngati kuti wolembayo anaima pa mjigo paja. Miyambo 18:17 imati woyamba kufotokoza mlandu wake amaoneka wolungama mpaka mnzake atabwera kudzamufunsa mafunso. Anthu a ku Bereya pa Machitidwe 17:11 anayamikiridwa chifukwa chofufuza ngati zimene Paulo mwiniwake ankanena zinali zoona. Yakobo 1:19 akuti munthu akhale wofulumira kumva, wodekha polankhula, wodekha pokwiya. Nanga tikatengerenji kutali chimene tili nacho? Komanso tisanamizane, Chibuda sichiphunzitsa za Mulungu Mlengi, ndipo chimaphunzitsa za kubadwanso kambirimbiri. Zimenezi sizigwirizana ndi chikhulupiriro chathu, ndipo wachinyamata akhoza kuyamba ndi mpweya n'kukathera kwina.

Pali chimodzi chokha chimene chikundivutitsa pa mbali yathu. Mavesi amenewa anthu athu amawadziwa pamtima, koma mauthenga abodza ambiri amene ine ndimalandira amachokera m'magulu a mpingo, ena ali ndi Amen kumapeto. Katemera wa COVID-19 atafika mu 2021 ndinavutika ndi akhristu anzanga amene ankati ndi chizindikiro cha chilombo, ndipo ena mwa iwo anali alaliki. Timawauza anthu kuti dekhani, koma sitiwaonetsa kuti kudekhako kumachitika bwanji mtima ukamagunda. Ngati mufuna kukhala chete m'mawa, khalani, palibe tchimo pa kukhala chete. Ine ndikanakonda mukhale ndi Salimo 46:10 mumtima, lija likuti khalani chete ndipo mudziwe kuti Ine ndine Mulungu, ndipo musagwadire fano lililonse.

WokonzaMafoni_DownShops

Amama NaPhiri, ine ndine wamng'ono pano koma ndiloleni nditsutseko pang'ono. Aphunzitsi, mundikhululukire.

Ngati kusinkhasinkha kukanakhala mankhwala a mphekesera, mayiko a Abuda bwenzi alibe vutoli. Koma ku Myanmar, kumene Abuda ndi ochuluka kwambiri, Facebook inadzaza ndi mabodza onena za Asilamu a mtundu wa Rohingya, ndipo mmodzi mwa ofalitsa chidani odziwika kwambiri anali mmonke, Ashin Wirathu. Kuyambira mu August 2017 anthu oposa 700,000 anathawira ku Bangladesh, ndipo mu 2018 kampani ya Facebook inavomereza kuti sinachite zokwanira poletsa zimenezo. Ku Sri Lanka mu 2018 kunayenda vidiyo yonena kuti malo odyera a Msilamu wina ku Ampara akuthira mankhwala ophera kubereka m'chakudya. Atakapima anapeza kuti chinali chibuluma cha ufa, koma malowo anali ataphwanyidwa kale, mzikiti nawonso. Mwezi wotsatira kunabuka zipolowe ku Kandy mpaka boma linatseka Facebook kwa masiku angapo. Amenewa ndi anthu oti Kalama Sutta ili m'makachisi mwawo.

Vuto lina lili mu foni momwemo. Ofufuza a ku yunivesite ya MIT ku America mu 2018 anaunika nkhani pafupifupi 126,000 za pa Twitter n'kupeza kuti yabodza inali ndi mwayi woposa wa yoona ndi 70 peresenti woti itumizidwenso, ndipo yoona inkatenga nthawi yotalika pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuti ifike kwa anthu 1,500. Anapezanso kuti ofalitsa kwambiri ndi anthu enieni, osati makina. Ine ndimazionera pa tebulo langa. Munthu amabwera akuti foni yadzaza. Ndikatsegula foda ya WhatsApp ndimapeza vidiyo imodzimodziyo yalowa kanayi, kuchokera ku gulu la mpingo, la banja, la kopaletivu ndi la makolo a ku sukulu. Mwini foniyo amaona ngati anthu anayi atsimikizira nkhaniyo, chonsecho gwero ndi limodzi. Komanso ambiri kumudzi amagula bundle ya WhatsApp ndi Facebook yokha chifukwa ndiyo yotsika mtengo. Ngakhale atafuna kufufuza pa intaneti, tsamba silitseguka. Si umbuli umenewo, ndi ndalama.

Ndiye pambali pa kupuma, aphunzitseni izi. Uthenga ukakhala ndi timivi tiwiri pamwamba, wadutsa m'manja ambiri. WhatsApp inachepetsa kutumiza mpaka macheti asanu mu 2019, ndipo mu 2020 uthenga wa timivi tiwiri anauchepetsa mpaka cheti chimodzi pa nthawi, chifukwa cha vuto lomweli. Voice note yopanda dzina la wolankhula, dzina la mudzi ndi tsiku, muziiona ngati kalata yopanda siginecha. Chithunzi mukhoza kuchifufuza ndi Google Lens, nthawi zambiri mumapeza kuti ndi cha dziko lina kapena cha zaka zapitazo. Masiku ano mawu a munthu amatha kupangidwa ndi kompyuta, ndiye kumva mawu odziwika si umboni. Pali iVerify Zambia, imene inayamba nthawi ya chisankho cha 2021, imafufuza nkhani zoyenda pa intaneti. Koma kwa amayi aang'ono njira yachidule ndi kuimbira munthu amene ali kumalo otchulidwawo, kapena anyakwawa, kapena kumvetsera ngati Breeze FM yanenapo kanthu. Ana akanasowadi m'midzi ya Chipata, wailesi sikanakhala chete.

NaPhiri_Kapata

Zikomo nonse, sindinayembekezere mayankho otere. Atate a ku Madzimoyo, musade nkhawa, fano sindigwadira, ndipo Eksodo 23:2 ndamuwerengera mwamuna wanga usiku womwewo. Koma ndikugwirizana nanu pa chimene mwamaliziracho. Ine ndakulira mu Sande Sukulu, Yakobo 1:19 ndimamudziwa, koma palibe anandionetsapo kuti mkwiyo umayambira pati m'thupi.

Ndayamba kukhala m'mawa ana asanadzuke. Aphunzitsi mwanena zoona, maganizo amathamangira ku float. Chimene chandidabwitsa n'chakuti amathamangiranso kwa amalume, ndipo nthawi iliyonse akafika kumeneko nsagwada zimalumana. Sindinkadziwa kuti ndawasungira mkwiyo wochuluka choncho. Ndinkaganiza kuti ine ndili pakati, ndikungoyanjanitsa.

Dzulo kunabwera bambo wina wachikulire ku booth, chipewa chili m'manja, akunjenjemera. Akufuna kutumiza K800 ku nambala ina chifukwa walandira uthenga wakuti mwana wake wagwidwa ku Lusaka, ndipo asaimbe chifukwa foni ya mwanayo yalandidwa. Mauthenga otere ndimawadziwa, ndipo kumangomuuza munthu kuti ndi akuba nthawi zambiri kumamukwiyitsa, amapita ku booth ina. Ulendo uno ndinawapatsa mpando, ndinawafunsa dzina la mwanayo, ndinawafunsa ngati amene walembayo akumudziwa. Ndinaona mapewa awo akutsika pang'ono. Kenako ndinati, "Atate, tiyeni tingoyesa kuimba, ikapanda kulira titumiza." Mwanayo anayankha ali ku ntchito, sakudziwa kalikonse. Bamboyo anakhala pa mpandopo kanthawi osalankhula, kenako anapinda ndalama zake n'kuziika m'thumba la mkati.

Mwana wanga wa ku Down Shops, za bundle zija wanditsegula maso, ndipo ndiwauza amalume mawu ako omwewo, kuti si umbuli. Za Myanmar zandiopsa. Aphunzitsi, mungayankhepo bwanji pamenepo? Ndilinso ndi mafunso awiri. Lamulo lija la ndaona, ndamva, ndikuganiza, ndiliike bwanji pa gulu pamene theka la anthu linatuluka? Lachiwiri ndi laling'ono: ndikakhala pansi mbandakucha tulo timandigwira kwambiri, mutu kumangogwa. Nditani?

Mphunzitsi_Wopuma_Katete

Mnyamata wa ku Down Shops wanena zoona zokhazokha ndipo sindichotsapo kanthu. Kuvala mkanjo wa amonke kapena kubadwira m'dziko la Abuda sikuyeretsa pakamwa pa munthu. Ngakhale kusinkhasinkha kwenikweniko, kukapanda khalidwe, kukhoza kungonola maganizo a munthu wachidani. N'chifukwa chake m'chiphunzitsocho khalidwe limabwera poyamba, ndipo limodzi mwa malamulo asanu amene Mbuda wamba amalonjeza ndi kusanama. Pa maphunziro aja a masiku 10 amayamba alonjeza malamulo amenewa asanaphunzitsidwe za mpweya. Zimene zinkalalikidwa ku Myanmar zikulephera muyeso wa Akalama poyera, chifukwa zinkakulitsa chidani ndipo zinadzetsa imfa. Ndikuvomerezanso kuti kudekha popanda kufufuza n'kosakwanira. Kudekha kumangokupatsani mpata woti muimbe foni ija, monga munachitira ndi bambo wa K800. Kuimbako muyenera kuimbabe.

Akulu a mpingo, kusiyana kwa zikhulupiriro kumene mwanenako kulipodi, sindikubisa. Ine ndinatenga kachitidwe ka kukhala chete ndi malangizo a kalankhulidwe, Kredo yanga sindinaisiye. Alipo Aafirika amene anapita patsogolo n'kukhala Abuda enieni, monga Bhante Buddharakkhita amene anayambitsa Uganda Buddhist Centre mu 2005, ndipo ndimawalemekeza, koma imeneyo ndi njira ina. Chimene mwanena cha kuonetsa anthu kudekha m'malo mongowauza, ndikanakonda chikafike ku misonkhano ya chigwirizano ndi ya madodana.

A NaPhiri, lamulolo musaliponye pa gulu inu monga adimini, lidzaoneka ngati chigamulo cha mlandu wa amayi aang'ono. Chibale ndi fupa, sichiola, koma sichikonzedwa ndi mauthenga. Yambani ndi amalume, popeza ndiwo eni mbumba. Aimbireni nsagwada zitamasuka, osati zili zolumana, ndipo muwapemphe kuti iwo aimbire mlongo wawo n'kubweza liwu lija la umbuli. Kenako inu mupite kumudzi ndi thupi lanu, mukakhale nawo pakhonde, muwalole afotokoze mantha awo mpaka atamaliza musanatchule za timivi tiwiri. Abuda ali ndi kusinkhasinkha kwina kofunira ena zabwino, kumene munthu amabweretsa nkhope ya wina mumtima n'kumufunira mtendere ndi chitetezo. Amalangiza kuyamba ndi iwe mwini ndi munthu amene umamukonda mosavuta, wovutayo n'kubwera pambuyo. Ndiye pa kusinkhasinkha kumeneku amalume musayambe nawo. Lamulo lija lidzatuluke pakamwa pa amalume kapena pa ambuya anthu atabwerera m'gulu, ndipo oyamba kulitsata akhale a m'tauni.

Za tulo, si inu nokha. Moggallana, mmodzi mwa ophunzira aakulu a Buddha, ankasinza akusinkhasinkha, ndipo Buddha anamulangiza zinthu zosavuta: kukoka makutu, kusisita manja ndi miyendo, kuimirira n'kusamba m'maso ndi madzi, kuyang'ana kumwamba ku nyenyezi, ndi kuyenda chokwera ndi chotsika maganizo ali pa kuyendako. Zonsezi zikakanika anati agone, koma akadzuka asagonerezenso. Inu yesani kusamba kumaso musanakhale, mukhale pa mpando wolimba osatsamira, maso otsegula pang'ono akuyang'ana pansi. Tulo tikalimbikira imirirani, muyende pang'onopang'ono kuchokera pakhomo mpaka pa mpanda n'kubwerera, maganizo ali pa phazi likamaponda. Ndipo muonenso nthawi imene mumazimitsa foni usiku, chifukwa ambiri amene amasinza m'mawa amakhala atagona mochedwa akuwerenga magulu.